Mzere Umene Ndinaiwala Kufufuta pa Maere a Mapuloti

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pamsika wa Golomoti ndikugula tomato. Amalume anga a Layisoni anandikoka dzanja n'kundiimika pamaso pa bambo wina wa chipewa choyera. "Uyu ndi mwana wa mlongo wanga," anatero. "Anaphunzira za makompyuta ku Lilongwe, koma wangokhala pakhomo." Ndinachita manyazi, komabe sananame. Bambowo anali a Mbewe, mlembi wa gulu la alimi a mpunga pa kasikimu kena ka mthirira cha ku Mtakataka, komwe amalumewo ankalimanso.

Gululo linali ndi mapuloti 60 ndi alimi 60, ndipo pakatha zaka zitatu ankagawananso mwa maere. Mapuloti a kumutu kwa ngalande amamwa madzi poyamba. A kumunsi, dzuwa la Okutobala likafika, amangolandira matope. Kale ankapinda timapepala n'kuponya m'dengu, koma nthawi zonse pankabuka mkangano, ati wina anapinda lake mwapadera kuti alizindikire ndi zala. "Tikufuna kompyuta," anatero a Mbewe, "chifukwa kompyuta ilibe m'bale." Anaiwala kuti wolemba pulogalamuyo ali naye.

Ntchitoyo ndinaiona yophweka, ndipo ndinkadzimva ndithu. Ndinalemba mindandanda iwiri, wina wa mayina, wina wa makadi a mapuloti kuyambira 1 mpaka 60. Mayina enieni anali asanabwere, choncho ndinaikamo ongopeka: Mlimi 1, Mlimi 2, mpaka kumapeto. Pa dzina lililonse kompyuta inkasankha nambala mwachisawawa. Nditayesa koyamba ndinapeza anthu awiri alandira puloti 17, pamene 40 palibe wailandira. Pulogalamuyo inkachita ngati munthu wotola khadi m'dengu, kuliwerenga, n'kulibwezeramo.

Kuti ndiligwire bwino vutolo, ndinkafuna kuti zotsatira zizibwera zomwezomwezo nthawi iliyonse ndikayesa. Apa pali chinthu chimene ambiri sadziwa. Kompyuta sisankha mwangozi ayi. Imayambira pa nambala imodzi, imene a ntchitoyi timaitcha sidi, n'kumawerengetsera zina zonse kuchokera pamenepo. Ukaisiya yokha, imatenga sidi pa wotchi yake, ndiye zotsatira zimasinthasintha. Ukaipatsa sidi yako, imabwereza zomwezo mpaka kalekale. Ndinalemba mzere umodzi pamwamba, woti sidi ikhale 7. Kenako ndinakonza kuti khadi likasankhidwa lizichotsedwa pamndandanda, ndinawerenga makadi 60 osafanana, ndinatseka laputopu n'kupita kukawathandiza amayi kupeta. Mzere uja unatsalamo.

Tsiku la maere tinakumana m'shedi ya malata yosungiramo mpunga. Nthawi inali isanakwane 9 koloko koma kunali kutatentha kale. A Mbewe anandipatsa mayina enieni, ndinawalowetsa, ndinadina batani, iwo n'kuyamba kuwerenga mokweza. Atafika pa amalume anati, "Layisoni, puloti 2." Puloti imeneyo ili pageti penipeni pa madzi. Anthu anangong'ung'udza pang'ono, kuwerenga n'kupitirira.

Tili pafupi kumaliza, analowa anthu a mudzi wa kutsidya, amene anachedwa ndi maliro. Patsogolo pawo panali mayi Nabanda, mayi wamtali amene anali atalima kumunsi zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana. "Mwachita maere ife kulibe?" anafunsa. "Bwerezani tonse tikuona." A Mbewe anavomera msanga, ine ndinasangalalanso, poganiza kuti nkhani ya puloti 2 ithera pomwepo. Ndinadina batani kachiwiri.

Dzina loyamba linatuluka ndi puloti yomwe ija. Lachiwirinso chimodzimodzi. Pofika lachisanu mawu a a Mbewe anali atayamba kuchepa, ndipo malata ankamveka akulira ndi dzuwa. Atati "Layisoni" anaima, koma bambo wina amene anasuzumira pa laputopu anamalizitsa yekha kuti, "Puloti 2."

Sindinaonepo anthu akudzuka limodzi chotero. "Anakonzeratu!" anakuwa wina kumbuyo. "Si mwana wa mlongo wake uyu?" Amuna awiri anakaima pakhomo, khomo lake limodzi lomwelo. Ndinakumbukira wakuba njinga amene ndinamuona akumenyedwa pamsika ndili mwana. Ndinachita mantha enieni. Amalume anaimirira chipewa chili m'manja n'kumangobwereza kuti, "Ine sindikudziwapo kanthu, abale anga," koma palibe ankawamvera. Anthu amenewa ndi omwe amapemphera nawo, amakumba nawo manda, ndipo ndinaona kuti dzina lawo likuthera pamenepo chifukwa cha ine.

A Mbewe anawerama n'kundinong'oneza: "Achemwali, ngati pali cholankhula lankhulani pano. Ine sinditha kuwaletsa."

Ndinatsegula khodi, mizere ya pulogalamu imene ndinalemba ija, ndipo mzere wa sidi uja unali pompo, wachitatu kuchokera pamwamba. Ndinaimirira. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana wa sukulu. Ndinati cholakwa ndi changa, amalume sakudziwa kanthu. Ndinafotokoza kuti zili ngati ndasakaniza makadi kamodzi, ndagawa, kenako ndawatolera mwa dongosolo lomwelo n'kugawanso osasakaniza. Ndinati makinawa amayambira pa nambala imodzi, ndipo ine ndinaiwala kuchotsa yanga.

"Ndiye kuti nambalayo munasankha ndinu," anatero mayi Nabanda. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukuwa kuja.

"Eya, mayi. Koma ndinaisankha mayina ndisanawaone."

"Zimenezo akudziwa ndi Mulungu. Lero tisankha ife."

Nzeru imeneyo sinali yanga, ndipo sindidzanama kuti inali yanga. Mayiwo anatchula 4, bambo mmodzi wa pakhomo paja anatchula 9, gogo wina anatchula 1. A Mbewe analemba 491 ndi choko pachitseko, aliyense akuona. Ndinafufuta 7, ndinalemba 491, anthu atandizinga mpaka mpweya kusowa. Mayi Nabanda anafunsa chimene chingachitike titabwerezanso ndi nambala yomweyo. Ndinati zituluka zomwezo, ndipo aliyense wokayika akhoza kudzatero tsiku lina lililonse. Anagwedeza mutu, n'kudina okha batani.

Pamene a Mbewe ankawerenga, ine ndinkapemphera chinthu chimodzi chokha, chimene ndikuchita nacho manyazi mpaka lero. Ndinkapempha kuti amalume asapeze puloti yabwino.

"Layisoni, puloti 58."

Wina anaseka, amuna aja anachoka pakhomo, ndipo ine ndinapuma. Ndinasangalala ndi mtima wonse. Amalume analandira khadi lawo, analipinda, analiika m'thumba la malaya, n'kutuluka osandiyang'ana.

Chaka chimenecho madzi anavuta. Puloti 58, ya kumunsi kwenikweni, inang'ambika mpunga usanabereke bwino. Amalume, amene chaka chilichonse ankatibweretsera thumba lathunthu pa njinga, anabwera ndi kabeseni kamodzi, napepesa kwa amayi kuti kachepa. Za maere sanazitchulepo, ngakhale tsiku limodzi. Koma ine ndikudziwa kuti puloti 2 anaipeza mwachilungamo, popeza 7 ujayo sankadziwa dzina la munthu, ndipo anaitaya chifukwa cha mzere umene ndikanaufufuta ndi chala chimodzi.

Pano ndimalemba mapulogalamu akuluakulu kuposa uja. Ndisanapereke ntchito iliyonse ndimafufuza mawu oti sidi m'khodi monse, ndimayendetsa kawiri n'kuyerekeza zotsatira. Maere akakhala okhudza anthu, nambala yoyambira amasankha eni ake, poyera, monga anandiphunzitsira mayi Nabanda. Anzanga ku ofesi amandiseka kuti ndine wamantha, ndipo sindikana. Iwo sanaone amalume akutsitsa kabeseni kaja pa njinga, ine nditaima pakhomo, ndikudziwa kuti puloti 58 ndinachita kuwapempherera.