Tchesi ndi Denga Lathu la ku Edingeni

Amuna anga anali munthu wabwinobwino mpaka tsiku lomwe anapita ku Luwawa kukagula matabwa a chitseko. Chitsekocho sindinachione. Anabwera ndi kabokosi ka tizidole tosema, komwe anawapatsa kalaliki wina wa zankhalango, amvekere awa ndi masewera a tchesi, bawo ya anthu oganiza. Ine ndinangoti zitha, paja za gitala zinathanso.

Ayi ndithu, sizinathe. Tinkakhala kwawo ku Edingeni, m'nyumba yomwe anatifolerera apongozi anga aamuna asanamwalire. Mwana wawoyo kufolera sanaphunzire. Udzu ndinali nditamweta kale, mitolo ili mbwee kuseri, denga likuonetsa nyenyezi. Amalume awo anadzipereka kuwaphunzitsa, koma yankho linali lomwelomwelo la Chitumbuka: "Lindani dankha." Kudikira kwake mpaka liti? M'mawa tchesi ndi aphunzitsi a pasukulu, masana tchesi okhaokha, kumazungulira tebulo kuti aseweretsenso mbali ya mdani. Munthu wamkulu wandevu zake, kudzitchera msampha yekha kenaka n'kumadabwa atakodwa.

Ankati nthawi anaigawa bwino. Tchesi imafuna mutu wozizira, ndiye m'mawa. Kufolera kumafuna dzuwa litapepa, ndiye madzulo. Madzulo akewo akafika ankati kwada.

Mitambo itayamba kuunjikana cha ku Viphya, mtima unandiwawa zedi, chifukwa ndinali ndi khanda lovutika ndi chifuwa. Tsiku lina pochokera kokonzekera magule a chipani, fumbi lili mpaka m'mawondo, ndinawapeza akulankhula ndi hatchi yamtengo. Ndinakhala pansi n'kuwauza kuti andiphunzitse, koma tsiku lomwe ndidzawagonjetse adzakwere padenga. Anaseka mpaka kutsamwa, n'kuvomera pamaso pa amalume awo.

Ndinayamba ndi ukali, kudya chilichonse chondiyandikira ngati nkhuku pamphale. Hatchi inkandizunguza mutu ndi kayendedwe kake kauchidakwa. Bishopu naye woyenda chammbali, ndinafunsa kuti kodi ndi wa mpingo uti ameneyu. Koma mfumukazi ndinaikonda, mayi wothamanga ponseponse pomwe mwamuna wake akungosuntha phazi limodzi. Ndinati izi ndiye za m'nyumba muno. Posakhalitsa ndiwo zinayamba kupserera, ndipo kumagule anzanga ankandigunda ndi chigongono ndikaima pakati pa nyimbo kuganizira mfumu yanga.

Ndinawagonjetsa Loweruka lina masana. Iwo mpaka kukalamba ankati chinawagonjetsa ndi chimfine, koma zimenezo ndi zawo. Anayang'anitsitsa thabwa la tchesilo, nati mbwenu, basi zatha, n'kupita kukabwereka makwerero. Amalume anabwera akumwetulira, phunziro linayamba, ine pansi ndikuponya mitolo m'mwamba.

Koma abale, manja ankandiyabwa. Tizidole tili pakhonde, titandandalikidwa bwinobwino, wosewera naye palibe. Ndinaponya mtolo, ndinaponyanso wina, kenaka ndinakankha kamsilikali kamodzi, kungoyesa chabe.

"Bambo a mwana, ndasuntha wa patsogolo pa mfumu. Inu mukuti bwanji?"

Mutu unasuzumira kuchokera padenga. "Mundikankhire wanga wa pomwepo."

Zinapitirira choncho, iwo akulamula ali m'mwamba, ine ndikusunthira tonse awiri. Amalume anatsika, natiyang'ana wina ndi wina, n'kumapita kwawo osatsanzika.

Mvula yoyamba inagwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, denga litafoleredwa mbali imodzi, mbali inayo titasasula kale udzu wakale. Ndinabereka mwana, n'kumufunditsa nsalu zonse zomwe ndinali nazo, liwiro kwa apongozi anga aakazi. Manyazi anandigwira mpaka m'mafupa. Iwo anamulandira, namupukuta, namugoneka pamphasa youma. Nkhani yonse amalume anali atawafotokozera kale.

Anati mwanayo akhala kwa iwo mpaka denga lithe. Kenaka anandiyang'ana ndili chiimire pakhomo, madzi akuchucha.

"Ng'ombe za malowolo zija ndinkayesa zapita kukatitengera mankhwala," anatero. "Kani zinakatitengera wodwala wachiwiri."