Batani la pa Korona wa Amayi

Korona wopempherera wa amayi anali wa mikanda yakuda, koma mkanda wachisanu ndi chiwiri unatayika tili ku Zambia, ndipo m'malo mwake anasokerapo batani loyera la malaya. Batani limenelo ndimalikumbukira kuposa nkhope za anzanga a nthawi imeneyo.

Chinali chilimwe choyamba titabwerera kwathu ku Nsadzo nkhondo itatha. Mtsinje unali utaphwa, kunangotsala dziwe lalitali pansi pa mikuyu, madzi ake obiriwira, onunkha matope ndi nkhuyu zowola. Amayi ankachapa kumeneko. Amalume, mlongo wawo, ankabwera akaweruka koumba njerwa.

Sanali munthu wodzionetsera. Ankavula malaya, n'kukhala m'madzi ofika m'khosi, kupuma pang'onopang'ono ngati akugona. Kenako ankalowa pansi popanda phokoso. Dziwe linkakhala bata. Tombolombo ankatera pomwe panali mutu wawo. Ife ana tinkathamanga m'mphepete tikukuwa kuti amalume amira, amira, mpaka atavuuka kutali, kuseri kwa bango, kumene mwala wanga sunkafika ndikaponya. Ndaona amuna amphamvu ambiri m'moyo wanga, koma sindinaonenso thupi lomvera mwini wake chotero.

Akangolowa pansi, amayi ankasiya zochapa n'kutulutsa korona. Milomo yawo inkayenda, Tikuoneni Maria mmodzi pa mkanda uliwonse, ndipo amalume ankavuuka chala chisanafike pa batani. Ine ndinkaganiza kuti amayi akuwawerengera nthawi, monga aphunzitsi ankachitira pa mpikisano wothamanga. Ndinkanyadira kuti ngakhale amayi akudziwa kuti mlongo wawo ndi katswiri.

Ndinawapempha amalume andiphunzitse. Anandiuza kuti chifuwa chikayamba kupsa mpweya umakhala usanathe, chimene chimayamba kutha ndi mtima. "Usamathamangire kumwamba," anatero. "Woopa ndiye amamwa madzi." Amayi atamva anakana, ndipo anandiletsanso kunena mawu oti amira.

Tsiku lina ndinawanyengerera amalume kuti akhale pansi pa madzi mpaka chala cha amayi chidutse batani. Anaseka, nalowa. Ndinaima pafupi ndi amayi, maso pa zala zawo. Chala chinafika pa batani, chinadutsa, mkanda wina, winanso. Ine ndinkadumpha ndi chimwemwe. Pamene amalume anavuuka kumapeto kwenikweni kwa dziwe, amayi anali atakhala pansi m'matope, chitenje chonse chitanyowa.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "ndinadikira kale pamtsinje kamodzi. Zakwana."

Amalume anavala malaya. Sanalowenso pansi pa dziwe lija, ndipo ine ndinawakwiyira amayi mpaka mvula inagwa.

Ndinali wamkulu kale pamene ndinamva kuti tsiku lothawa nkhondo, amuna awiri anawoloka mtsinje wodzaza pansi pa madzi, asilikali ali kumbuyo kwawo. Anavuuka mmodzi, amalume. Winayo anali bambo anga.

Zaka zitatu zapitazo ndinakhala pambali pa mphasa ya mkazi wanga akudwala mwakayakaya, korona yemweyo ali m'manja, mpweya wake ukubwera motalikirana, ine ndikuyendetsa chala kudikira wotsatira. Ndikuthokozabe Mulungu chifukwa cha chifuwa cha amalume. Koma mwana uja wa pa dziwe ankayang'ana zala za amayi ake tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti iwo sankawerenga kanthu.