Adula "Yewo" Wako, Wongani

Wongani, lero m'minibasi ya ku Nkhorongo ndamva nyimbo ya bandi yathu ija, ndipo zandinyansa. Wina anaitenga pa intaneti, waithamangitsa ngati ya pa ukwati, kumapeto n'kuikapo mawu ake akukuwa dzina lake.

Ukukumbukira tikuijambula m'chipinda chako ku Salisbury Lines? Amayi a nyumba yoyandikana anasiya kusinja kuti timalize, iwe n'kukuwa pawindo uku ukuseka, "Yewo chomene, amama!" Mawuwo analowa m'nyimbo. Poiika pa intaneti ndinafuna kuwadula, iwe unakana: "Amenewonso ndi a m'bandi." Chitisiyire iwe, m'bale wanga, ndi pokhapo pamene ndimamva kuseka kwako. Pomwepo ndi pamene mbavayo yadula, kuti dzina lake likwanepo.