Akulu Anga Anapita Kumanda pa Choki

Mboni zanga ndi izi, mukazifunse nokha: a Mwanza, mkulu wa mpingo wathu, a Mulenga, Mbemba woyandikana nafe amene anapuma ntchito yolondera akaidi ku Mukobeko, ndi amai onse a chigwirizano, amene mabulauzi awo mpaka lero sanayere. Ine sindiwonjezerapo kanthu.

Ndinadzuka kusanache m'tenti ya amuna, pabwalo la malemu akulu anga, atate a Tisa, ku Kamushanga. Unali mwezi wa Juni. Kunazizira moti nyimbo zimene amai anachezera kuimba ndinazipeza zili lende pa waya wa zovala, zitauma gwa. Kuseri kwa nyumba moto unali utayaka kale, madilamu a tiyi ali pamafuwa. Alamu anga anandiitanitsa m'nyumba nandipatsa makiyi a vaneti yakale ya malemu. Anati anawalonjeza amuna awo m'chipatala kuti kumanda adzapita pa galimoto yawoyawo, osati ya hayala. Sanandifunse ngati ndingathe.

Vanetiyo inkamvera munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo anali kumochale kudikira kuti tikamutenge. Ndinakoka choki, kachitsulo kamene kamatseka mpweya kuti injini yozizidwa imwe petulo wambiri. Inatsokomola, nkulira, nkuzima. Anthu anali atayamba kufika, a kwathu kum'mawa ku Petauke ndi zikwama, a ku Makululu wapansi, ndipo mwamuna aliyense asanapepese maliro ankayamba wasuzumira m'boneti.

Pa kabuleta, kachipangizo kamene kamamwetsa injini petulo, pali timabauti tiwiri. Kena ndi ka kaliridwe ka injini galimoto ikangoima, kena nkosakaniza petulo ndi mpweya. A Mwanza anati maliro a Mkhristu sathamanga, napotoza koyambako kuti injini izilira motsitsa. A Mulenga anati ife a kum'mawa timamana chakudya ngakhale galimoto, namasula kachiwiriko ndi mpeni wodulira kabichi. Paja pamaliro athu Abemba ali ndi ufulu wa chimbuya, kutinyoza ndi kutipaka ufa, ndipo kukwiya nkoletsedwa. Ine anandipaka ndili pa chiwongolero, nditatseka diso limodzi.

Kenako a Mwanza anabweza zimene anachita a Mulenga, koma pa kabauti kolakwika. A Mulenga nawo anabweza za a Mwanza. Bambo wina wa jekete lofiira anapotoza tonse tiwiri nkupita kukamwa tiyi. Akuchimuna tinkayesa ndi wa kuchikazi, akuchikazi ankayesa ndi wathu. Aliyense ankandikuwira kuti ponda, leka, pondanso. Pofika dzuwa litatuluka panalibe wodziwa kuti kabauti kati kazungulira kuti.

Chimene tinapeza ndi ichi: choki ukachikoka mpaka kumapeto, injini ikhala moyo, ukachibweza pang'ono pokha, yafa. Tinanyamuka choncho. Kumochale ndi kutchalitchi sindinaizimitse, ndipo abusa analalikira mopikisana nayo. Anapambana ndi vaneti.

Manda sali patali ndi tchalitchi, choncho anthu anayenda pansi. Bokosi linali kumbuyo, alamu atakhala pambali panga, amai a chigwirizano akuimba m'mbuyo mwenimweni mwa paipi ya utsi. Utsiwo unali wakuda moti nkhuku za m'njira zinapita kukagona. Ndikachepetsa liwiro injini inkafuna kuzima, ndikaponda ndinkawasiya anthu. Nyimbo ya maliro ija inafika poimbidwa mothamanga ngati ya paukwati, ndipo a Mwanza, odana ndi liwiro aja, anali patsogolo pa onse, Baibulo lili m'khwapa.

Titangoona mitengo ya kumanda, vaneti inagwedezeka nkukhala chete. Choki chinali chitamwa petulo yense. Nyimbo nayo inaima. Wina anayamba kale kuimbira foni galimoto ya hayala, ena ankati tinyamule bokosi pamapewa. Ndinayang'ana alamu.

"Asatsitsidwe," anatero. "Kankhani. Ngakhale paukwati wathu anafika chonchi."

Amuna anavula majekete. A Mulenga anayika phewa pafupi ndi bokosi nati, "Iwe mbuya, wafa, koma ukali kutigwiritsa ntchito, pisiweki ya mahala." Tinalowa pachipata cha manda mwakachetechete, matayala okha akulira pamiyala. Aka kanali koyamba tsiku limenelo kuyenda ngati maliro.

Madzulo tenti inapasulidwa, a ku Petauke anapita kukagona kwa abale, pabwalo panatsala phulusa ndi mabenchi a mpingo. A Mulenga anabweretsa petulo m'kachigubu nabwerera kwawo osaseka munthu. Alamu anali pakhonde. Anati nthawi ngati imeneyo malemu ankakhala mutu uli m'boneti, ndipo anandipempha kuti ndiilize pang'ono. Ndinakoka choki. Inalira, utsi nkuloza pazenera la kukhitchini.

"Mukutha petulo, atate a Tisa," anatero alamu, osakweza mawu, maso ali pa boneti.

Sankanena ine. Ndinabweza choki, injini inazima, ndipo tinakhala choncho.