Kukapepesa Maliro a Munthu Wamoyo

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Mumsika monse ankangowatcha a Basela, chifukwa pa zaka zonse zimene anagulitsa tomato palibe amene anachoka pabenchi pawo osawonjezeredwa kenakake. Munthu akagula mulu umodzi, iwo ankatola tomato wina, kumupukuta pansalu, n'kumuponya m'jumbo uku akukalipa kuti, "Nayu basela, koma mawa musadzandipitirire ngati simukundidziwa." Anali mayi wapakamwa, wosachedwa kupsa mtima komanso wosachedwa kuseka. Amuna awo anamwalira ana akali aang'ono, ndipo tomato yemweyo ndiye analera ana onse mpaka aliyense anapeza pogwira.

Moyang'anana ndi benchi lawolo munali atelala. Anthu awiriwa ankakangana tsiku ndi tsiku, moti obwera kumene ankaganiza kuti pali chidani. A Basela ankati atelala amasoka mathalauza a anthu a mwendo umodzi wautali. Atelala ankati tomato wa a Basela amapsa chifukwa chochita manyazi ndi pakamwa pa mwini wake. Mkanganowu unakalamba nawo. Miyendo itayamba kukana, a Basela anakakhala kwa mwana wawo wachisamba, nawonso atelala, amene akazi awo anali atatsogola, anatengedwa ndi mwana wawo wamwamuna. Mwamwayi nyumba ziwirizi zinangosiyana ndi mpanda, ngakhale kuti makomo anali ku misewu yosiyana.

Zaka za onse awiri zinali zitapyola makumi asanu ndi anayi. Atelala ankasokabe pakhonde, kuika zigamba ndi kupinda masiketi a ana asukulu. Miyendo yawo inkapalasa makina bwinobwino, koma maso sankaonanso diso la singano. A Basela maso anali nawo. Choncho m'mawa uliwonse ankatenga ndodo, kuzungulira mpanda, kukalowetsa ulusi pasingano, n'kukhala pampando kuyamba kunyoza msoko uliwonse mpaka dzuwa litafika pamutu.

Anzawo a m'badwo wawo ankatha ngati mano m'kamwa, ndipo ambiri ankapita miyezi yozizira. Kukangoyamba mphepo ya chisanu, uthenga unkabwera wondondozana. Wolondera pageti la msika, wokonza maambulera, mayi wogulitsa makala. Chimene chinkawapweteka a Basela si imfa ayi, koma bodza la ana. Mayi wa makala uja atadwala, iwo akafunsa ankangouzidwa kuti, "Akupuma, Amayi." Anadzamva zoona maliro ataikidwa kale. Ana ankati amawateteza mtima. Kuteteza kwanji kumeneko, kumana munthu misozi yake yomwe?

Chaka chimenecho chisanu chinabwera ndi ukali. Chisamba uja, amene nayenso anali ndi imvi ndi zidzukulu, anapita kuchipatala kukatenga mankhwala a mayi ake ndipo anabwerako nkhope itagwa.

"Amayi, kuyambira lero kutuluka kwatha. Anamwino akuti miyezi ino okalamba kwambiri amamwalira ochuluka kuposa nthawi ina iliyonse. Akuti ndi imfa zowonjezera."

"Zowonjezera?" anatero a Basela. "Ndiye kuti nayonso imfa imatenga basela? Wakuba ameneyu! Unamuonapo kasitomala wodziikira yekha basela?"

Chisamba anaseka, koma ndodo anaiika pamwamba pa kabati. Anawaveka amayi ake majuzi awiri, masokosi ndi chipewa chaubweya, n'kuwakhazika m'chipinda chamkati, zenera lotseka. Tisamunamizire, mwanayu ankawakonda amayi ake. Kungoti chikondi china chimafanana ndi ndende.

Masiku oyamba a Basela ankadzitonthoza ndi phokoso la makina. Linkadutsa mpanda n'kulowa m'chipindamo, ndipo iwo ankanyoza okha chamumtima kuti nkhalamba ija ikukhotetsanso msoko wa munthu. Kenaka m'mawa wina kunali zii. Mawa lake zii. Mkuja wake chimodzimodzi.

"Iwe, atelala ali bwanji? Makina sakumveka."

Chisamba, amene anali kalikiliki kupukuta pawindo, anayankha osatembenuka. "Musadandaule, Amayi. Akupuma."

Mawu amenewo anawalasa a Basela pamtima. Sanafunsenso. Anatembenukira kukhoma, chakudya cha pambale osachikhudza. Mwa onse amene anayamba nawo moyo wa mumsika, atelala ndiwo okha anatsala. Ngati apita, ndani adzakumbuke kuti a Basela anali mtsikana wothamanga ndi dengu pamutu? Ndipo analumbira kuti ulendo uno sawamana maliro.

M'mawa mwake chisamba atangopita kukagula ndiwo, a Basela anadzuka. Anavala nsalu yawo yakuda, mpango kumutu, nsapato zosiyana chifukwa inzake sinapezeke. Ndodo inali kutali ndi manja awo, choncho anatenga mopu kukhitchini, kuutembenuza, n'kutsamira mtengo wake. Anayenda motsatira mpanda pang'onopang'ono, kupuma pangodya, kudutsa pa golosale, mpaka anafika. Pakhonde panalibe munthu. Makina anali atafunditsidwa nsalu, mpando wa atelala atautembenuzira kukhoma.

Apa anakhala pansi pamasitepe n'kuyamba kulira mokweza.

Mpongozi wa atelala anatulukira kuseri, manja ali thovu lokhalokha. "Agogo! Kwagwanji? Mwabwera bwanji nokha?"

"Khala chete, mwana iwe! Mwamuika mobisa ngati galu, munthu wabwino chonchi!"

"Agogo, imvani kaye..."

Koma a Basela akayamba kulankhula, ngakhale mvula inkadikira. "Ukumudziwa iwe munthu ameneyu? Amuna anga atamwalira, ndani ankasoka mayunifolomu a ana anga? Ankanama kuti ndi nsalu zotsala, ngati kuti ine sindikudziwa nsalu yatsopano. Mvula ikagwa ankathamanga kudzafunditsa tomato wanga, zovala za makasitomala ake zikunyowa. Ndinamutukwana moyo wanga wonse, zikomo sindinamuuzepo. Ndipo chitsiru chimenechi, akazi ake atapita, chikanangotsegula pakamwa n'kundifunsa, ine ndikanalola tsiku lomwelo! Koma ayi, changu pa ulusi basi. Atelala inu, mwandisiya ndi yani?"

Zenera la chipinda linatseguka pang'ono, ndipo munatuluka mawu onjenjemera.

"Ndani akulira ndi mawu a malemu?"

A Basela anakweza mutu. Pazenera panali nkhope yowonda, ndevu zosameta, maso akuphethiraphethira.

"Mayo! Mzukwa!"

"Mzukwa ndinu! Ine anandiuza kuti mukupuma!"

"Inenso anandiuza kuti inu mukupuma!"

Mpongozi uja anakhala pansi ndi kuseka, thovu n'kudzipaka kumaso. Pofotokoza, nkhani inali yachidule. Nayenso anamva zomwezo kuchipatala, ndipo anagwirizana ndi chisamba kuti nkhalamba ziwirizi zikhale m'nyumba mpaka kutafunda. Atelala anakakamira kusoka mpaka ulusi unaduka. Mpongozi atafuna kuwalowetsera wina, iwo anafunsa kuti a Basela ali kuti. Atamva kuti akupuma, anangoimirira, kufunditsa makina, n'kukagona.

"Chiyambire tsiku limenelo akukana chilichonse," anatero mpongozi. "Bulangete akuponya pansi, juzi akukana, zenera akutsegula dala. Akuti chisanu chibwere chiwatenge, atsala ndi yani."

Anawalowetsa a Basela m'chipinda n'kuwakhazika pampando pafupi ndi bedi. Nkhalamba ziwirizo zinayang'anana. A Basela anatambasula dzanja n'kutsina mkono wa atelala kuti atsimikize, ndipo atelala anakuwa. Kenaka onse anayamba kuseka, kuseka kwa misozi, kotsokomola, kopanda mano okwanira. Ndinene zoona, chimwemwe chotere sichipezeka kawirikawiri, munthu kumulira mnzako n'kumupezanso.

Chisamba anafika akuthamanga, jumbo ya ndiwo ili m'manja, atapeza chipinda chopanda munthu. Asanatsegule pakamwa, amayi ake anamulozera pansi.

"Khala apo. Nawenso mpongozi, khala. Anamwino sananame, chisanu chimatitenga, ife tikudziwa kuposa inu chifukwa otengedwawo ndi anzathu. Tivekeni majuzi, tivala. Koma mawu aja akuti akupuma ndisadzawamvenso. Wina wa ife akadzapita, mudzabwere mudzanene poyera kuti wamwalira. Ndikufuna kudzalira pa tsiku lake, osati kulira munthu ali gone kumvetsera."

Chisamba anagwetsa nkhope. "Pepani, Amayi. Ndimaopa kukutayani."

"Ndikudziwa, mwanawe. Koma ukandisunga m'kabati ndiye wanditaya kale."

Anagwirizana kuti dzuwa likakwera chisamba aziwaperekeza amayi ake, ndipo makina alowe pabalaza pomwe sipafika mphepo. Mpongozi anapita kukateleka madzi a tiyi. Apo ndi pamene atelala anakhosomola, n'kudzikonza pa pilo.

"A Basela, paja panja paja mumati chiyani? Makutu angawa ndi okalamba, koma pena pake ndinamva ngati mumati ndikanafunsa."

A Basela anakonza mpango wawo, maso ali kudenga. "Zimenezo ndimauza malemu. Inu amoyo sizikukukhudzani."

"Malemuyo wandituma. Ndikufunsa."

Chisamba anagwira pakamwa. Mpongozi anaima pakhomo ndi makapu m'manja. A Basela, mayi amene mumsika monse palibe anawaposapo pakamwa, anangoyamba kuseweretsa mphonje ya nsalu yawo ngati mtsikana.

"Mwachedwa ngati msoko wanu womwe," anatero pamapeto pake. "Komabe ndamva. Dutsani kaye miyezi yozizirayi muli moyo. Ine sindikufuna kukhala wamasiye kawiri."

Atelala anatembenukira kwa mpongozi wawo, mawu atabwerera mwakale.

"Mwana wanga, tseka zenera ilo. Undipatse juzi lija, ndi mabulangete onse amene ali m'nyumba muno."