Chaka Chimene Kwathu Kunagwa Mvula Yoposa Blantyre Yense

Linali botolo la sikwashi, la pulasitiki, ndipo linkanunkhabe malalanje ngakhale ndinalitsuka ndi sopo. Ndinalidula pakhosi ndi mpeni wa amayi wosendera mbatata, mutu wakewo n'kuuzondotsa kuti ukhale fanulo. Pansi ndinaikamo timiyala kuti mphepo isaligwetse, ndi madzi pang'ono ofika pamzere woyambira. M'mbali mwake ndinamatamo rula wothyoka. Ichi ndicho chida choyamba cha sayansi chimene ndinapanga, ndipo popeza mbiri imafuna chilungamo, ndinene kuti ndi chokhacho chimene ndinamaliza. Zina zonse zimene ndinayamba pambuyo pake, kuphatikizapo koleji, ndinazisiya panjira. Abale anga amati ndinasiya koleji, ine ndimati tinasiyana mwamtendere. Nkhaniyo ikadali m'khoti la pabanja.

Ndinali mu Sitandade 6. Tinkakhala ku Kanjedza, m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya eni ake: ine, amayi ndi amalume. Amalume ankanyamula matumba ku Ginnery Corner, ndipo madzulo ankabwera atayera ufa mpaka m'nsidze. Amayi ankachapa zovala za mabanja angapo a ku Limbe. Ankakazitenga m'mawa atazimanga m'chinsalu, n'kuzibweza zitasitidwa. Ntchito yawo yonse inali madzi, koma mpopi wathu unali ndi khalidwe la bwana wamkulu: unkabwera pamene wafuna, osapepesa. Choncho mvula ikangoyamba kugogoda pamalata, chilichonse chokhala ndi pakamwa chinkatuluka panja kukakinga madzi. Ndowa, mabeseni, mapoto, ketulo, ngakhale chitini cha mafuta ophikira, zonse zinkandandalikidwa m'munsi mwa denga. Si kwathu kokha. Mzere wonse wa nyumba unkachita chimodzimodzi, ndipo chidebe chimene chinkapezeka chopanda madzi mvula itagwa chinali manyazi kwa mayi wa pakhomopo.

Makolo a amayi anachokera ku Mozambique, ndipo amayiwo anakula akulera ana a anthu ena. Kusukulu sanapondeko. Ndikamalemba ntchito ya kusukulu ankakhala chapatali ndi nsimbi yawo ya makala, n'kumangoti, “Lemba bwino.” Ndikafunsa funso ankati, “Dikira amalume ako.” Kope langa akafuna kulisuntha patebulo ankalinyamula ndi manja awiri, ngati mwana wakhanda wa mlendo.

Aphunzitsi athu a sayansi anali bambo woonda, woyenda ndi ambulera ngakhale mu Okutobala. Anali ndi funso limodzi limene ankatizunza nalo chaka chonse: “Waona, kapena wamva?” Ukati dzuwa ndi lalikulu kuposa dziko, waona kapena wamva? Ukati njoka ya mitu iwiri ili kuseri kwa zimbudzi, waona kapena wamva? Pakona ya kalasi panali kabati yokhoma. Mkati mwake munali maginito, choyezera kutentha, ndi galasi lalitali la mizeremizere loyezera madzi. Kabatiyo inkatsegulidwa Lachitatu masana, pa kalabu ya sayansi, ndipo ife a m'kalabumo tinkayenda pasukulupo ngati nduna.

Mvula itakhazikika, aphunzitsi anatipatsa ntchito. Aliyense apange botolo lake, aliike pabwalo, kutali ndi mitengo ndi denga. M'mawa uliwonse agwade, diso lilingane ndi madzi, awerenge mamilimita parula, kenako akhuthule mpaka pamzere woyambira. Woyeza mokhulupirika adzasunga kiyi wa kabati teremu yotsatira. Wopeka manambala adzachotsedwa m'kalabu, ndipo Lachitatu lililonse azikasesa pamene anzake akugwira maginito.

Malangizowo anali omveka bwino. Ife tinamva zina. Tinamva kuti ndi mpikisano, ndipo wopambana ndi amene kwawo kugwe mvula yambiri.

Sabata yoyamba botolo langa linandichititsa manyazi. Ndinaliika panjerwa pakati pa bwalo, monga mwa lamulo, ndipo linkangopeza timadzi tosafika n'chala chomwe. Mtsikana wina wa ku Sunnyside, amene ankabwera pagalimoto, anandiposa pang'ono, ndipo ndinaona kuti dziko lilibe chilungamo: nyumba yaikulu ndi yawo, mvulanso ikhale yawo? Madzulo ndinadandaula kunyumba kuti botolo langa ndi laulesi, anzanga akundiseka. Amalume anaseka. Amayi anapitiriza kuuzira makala m'nsimbi.

Kuyambira sabata yotsatira, botolo linalapa. Mvula ikagwa, m'mawa ndinkalipeza panjerwa yake pomwepo, madzi ali chakukhosi. Aphunzitsi anali atapachika pepala lalikulu pakhoma, pamene aliyense ankajambula mzere wosonyeza mvula ya kwawo. Mizere ya anzanga inali ngati udzu wongometedwa. Wanga unali bulugamu. Unakwera mpaka pepala linatha, ndipo ndinapempha mwaulemu kuti amatepo lina pamwamba. Masiku amenewo ndinadziwa kutchuka. Anyamata ankandigawira chimanga chootcha. Wina anandifunsa ngati kwathu timagona m'bwato.

Aphunzitsi anapirira kwa kanthawi. Kenako tsiku lina anandiimiritsa pamodzi ndi mnzanga wina amene ankakhalanso ku Kanjedza, kuseri kwa msewu wathu. Mzere wake unali waufupi ngati wa ena onse.

“Inu awiri mumamva tambala mmodzi m'mawa,” anatero. “Ndiye iwe, kodi kwanu muli ndi mtambo wanuwanu?”

Kalasi inaseka, ndipo chimanga chootcha chinathera pomwepo. Anandipatsa mpaka kutha kwa mwezi: ndifotokoze kumene madziwo akuchokera, apo ayi nditenge tsache. Ndinalira, chifukwa sindinaname ngakhale milimita imodzi. Iwo anandiyang'ana ngati akuyang'ana nyengo. “Misozi sitiyeza. Ganiza zonse zimene zingachititse, uziyese chimodzichimodzi. Usasinthe ziwiri nthawi imodzi.”

Ndaphunzitsidwapo ndi anthu a madigiri otalika ngati sitima ya katundu, koma palibe amene anawonjezera kanthu pa mawu amenewo. Ankangowanena m'Chingerezi.

Ganizo loyamba linachokera kwa amalume, amene kuyambira tsikulo ankanditchula kuti apulofesa. Iwo anati ndi nkhalango ya Kanjedza, mitengo imakoka mvula. Ndinawauza kuti kwa mnzanga uja ndi kufupi kwambiri ndi nkhalango kuposa kwathu. Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti mitengo imadziwa anthu ake. Aphunzitsi anakana kulandira zimenezi.

Ganizo lachiwiri linali langa: ana a eni nyumba, amene anali ndi mbiri yoipa pa nkhani ya kukodza paliponse. Ichi chinafunika kuyesa ndi mphuno. Ndinagwada m'matope, ndinanunkhiza mofatsa monga sayansi ifunira, ndipo ndikutsimikizira mtundu wa Amalawi kuti anawo anali osalakwa. Madziwo ankanunkha dzimbiri ndi utsi. Pansi pake panali tinthu takuda ndi tofiirira. Ndinationa ndi maso angawa, koma popeza sindito ndinkafunafuna, ndinatikhuthula n'kuiwala.

Chachitatu, mwina botololo ndilo linali ndi vuto. Ndinasinthana mabotolo ndi mnzanga uja. Langa litafika kwawo linayambiranso ulesi. Lake litafika kwathu linadzaza. Choncho vuto silinali botolo, linali pakhomo pathu. Ndinapanga kabotolo kena, n'kukabisa pamwamba pa khola la nkhuku la eni nyumba, osauza munthu. Mvula itagwa, la panjerwa linali chakukhosi, la pakhola linali ndi timadzi tochepa ngati ta anzanga onse. Mabotolo awiri, bwalo limodzi, thambo limodzi. Amalume anayang'ana ili, n'kuyang'ana ilo, n'kunena motsitsa mawu kuti, “Apulofesa, izi zaposa sayansi. Pali munthu ku Bangwe amene ndimamudziwa.”

Mwezi unali pafupi kutha. Ndinapita kwa aphunzitsi ndi mabotolo onse awiri m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba anavula magalasi awo.

“Mvulayo ikamagwa, iwe umakhala uli kuti?”

Ndinati ndimakhala kusukulu, kapena ndausa pakhonde la golosale, kapena ndagona.

“Ndiye botolo lako likudzaza sunalionepo. Wangomva kwa botolo.”

Loweruka limenelo ndinakana kupita kumpira. Ndinakhala pawindo kuyambira m'mawa, chibwano pamanja. Kunatentha kwambiri moti malata ankalira okha. Masana mitambo inadetsa mbali ya phiri la Soche, mphepo inayamba kuulutsa mapepala a pulasitiki, ndipo fungo la dothi lonyowa linafika mvula isanafike. Madontho oyamba anali akuluakulu, amodziamodzi, ngati wina akuponya nandolo padenga.

Amayi anatuluka atafunda chitenje kumutu. Anayamba n'kuanula zovala za anthu. Kenako ndowa, beseni lalikulu, beseni laling'ono, mapoto, ketulo, chilichonse pamalo pake pamene malata amathira kwambiri. Ankadziwa mzere uliwonse wa dengalo ngati mayina a ana awo. Atamaliza anapukuta kumaso, n'kulowa m'mvula mpaka pakati pa bwalo. Ananyamula botolo langa ndi manja awiri, anachotsa fanulo, n'kuliika pakona pamene madzi ankatsika ngati chingwe. Anaima pomwepo akunyowa, akuliyang'anira. Litadzaza anapungulako pang'ono kuti lisasefukire, anabwezeretsa fanulo, n'kukaliika panjerwa, rula ataloza kukhomo monga ndinalisiyira.

Ndinatuluka opanda nsapato.

“Amayi, mukutani?”

“Ndikukukingira. Lowa, udwala.”

“Koma liyenera kukhala pabwalo.”

“Pabwalo lipezapo chiyani? Si iwe unkati anzako akukuseka?” Anafinya chitenje. “Chinthu chimene chikufuna madzi sungachiike kutali ndi denga. Aphunzitsi akowo kwawo sakinga madzi?”

Ndinawafotokozera kuti sitikufuna madzi ambiri, tikufuna kudziwa kuti agwa ochuluka bwanji. Anamvetsera mpaka kumapeto, madzi akutsika m'masaya. Kenako anafunsa kuti ukadziwa, madziwo umatani nawo. Ndinati ndimataya. Anandiyang'ana, n'kunena kuti, “Oho.”

Ine chimwemwe chinali chodzaza tsaya. Ndinali nditaona, osati kumva.

Lolemba ndinaimirira kutsogolo n'kufotokoza zonse mwandondomeko: nkhalango, mphuno, kusinthana mabotolo, khola la nkhuku, windo. Pa nkhani ya mphuno kalasi inagwa ndi kuseka. Pa nkhani ya amayi panaseka ochepa, chifukwa ambiri amayi awo akanachita chimodzimodzi, ndipo mnyamata wina anavomera kuti botolo lake agogo ake anali atathiramo kale palafini. Aphunzitsi sanaseke. Mvula itabwera masana anatitulutsa tonse pakhonde ndi zitini ziwiri zofanana, china pabwalo, china m'munsi mwa malata. Anatiuza kuti chitini cha pabwalo chimalandira mvula ya pakamwa pake pokha, pamene chinacho chikulandira mvula ya denga lonse. “Amayi ako sanayeze zabodza,” anatero. “Anayeza denga.” Pamwamba pa bulugamu wanga uja analembapo ndi cholembera chofiira mawu amodzi: denga.

Kiyi anapatsidwa mtsikana wa ku Sunnyside, amene manambala ake anali otopetsa ndi oona kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Ndinakwiya panthawiyo, koma lero ndikuvomereza chigamulocho, ndipo ndamva kuti anamaliza koleji. Ine tsache linandiphonya. Ndinatsala m'kalabu, ndipo ndinapatsidwa udindo wotsuka galasi lalitali lija Lachitatu lililonse, udindo umene ndinaugwira popanda kuswa kanthu. Masiku ano ndimagulitsa matanki ndi magata a padenga m'sitolo ya amwenye ku Limbe. Kasitomala akafunsa kuti agule thanki yaikulu bwanji, ndimamufunsa kukula kwa denga lake. Akati ndi lalikulu ndithu, ndimamufunsa ngati wayeza kapena wamva. Bwana wanga amati ndimathamangitsa anthu.

Nyengo ya mvula imeneyo inatha pang'onopang'ono. Botolo linabwerera panjerwa, ndipo amayi sanalikhudzenso. Mvula ikagwa ankandandalika ziwiya zawo monga mwa nthawi zonse, kenako ankaima pakhonde atapinda manja, akuyang'ana kabotolo kaja kali kokhakokha pakati pa bwalo, kakutolera timadontho. Ine ndinkaona kuti aphunzira sayansi, ndipo ndinkanyadira kuti ndawaphunzitsa ndine.

Madzulo ena, mvula itayamba kutalikirana, ndinali patebulo ndi kope la masamu. Amayi anali chapatali ndi nsimbi yawo. Anaiimika pambale yachitsulo, n'kufunsa osandiyang'ana ngati aphunzitsi apereka ntchito ina yofuna madzi, kapena yonyamula, kapena yodula ndi mpeni.

Ndinati ayi, zotsala zonse ndi zolemba.

“Chabwino,” anatero. “Lemba bwino.”

Anatenga malaya ena pamulu, n'kuwayala. Ine ndinapitiriza kugawa manambala, ndikudabwa pang'ono kuti munthu amene wachapa tsiku lonse angafunirenji ntchito ina ya madzi.