Chikho Chimene Janeti Anakana ku Thuchila

Inu amene munauzidwa kale kuchipatala kuti muli ndi matenda a shuga, koma mpaka lero supuni yanu ikubwererabe katatu m'paketi, tcherani khutu mumve za Janeti wa pa Nkando. Mukachita mantha powerenga, musawathamangitse manthawo, pakuti ndiwo anamupulumutsa.

Tsiku limene Janeti anatsitsimuka m'chipatala cha pa Boma, anayamba wayang'ana phazi lake lamanzere. Linali lokulungidwa ndi bandeji, koma maso anaona chimene mtima unkakana. Chala chachikulu panalibe. Madokotala anachidula m'mawa womwewo chitada bii ngati khala.

Pa bedi loyandikana naye panagona mayi wachikulire, dzina lake Agatha, amene moyo wake wonse anathyola tiyi ku esiteti. Bulangeti lake linatukuka mbali imodzi yokha. Mbali inayo, kuyambira pa bondo, linangogona pa matiresi.

"Takulandirani, achemwali," anatero a Agatha. "Inenso anayambira chala. Ndinati chala n'chiyani, ndili nazo zambiri. Nditangotuluka ndinabwerera ku tiyi wanga wotsekemera ndi mabanzi. Lero nsapato ndimavala imodzi, koma wogulitsa amakana kundigulitsa imodzi yokha."

A Agatha anaseka okha.

Dokotala atabwera sanazungulire. "Mayi, lero tatenga chala. Mukabwerera ku kadyedwe kanu kakale tidzakumananso, ndipo tsiku limenelo tidzayambira pa bondo."

Musaganize kuti Janeti anali mbuli. Za matenda akewo anauzidwa kalekale, pamene ludzu linkamuvutitsa ngakhale atamwa ndowa, ndipo nyerere zinkasonkhana pamene wataya madzi. Anapatsidwa mapiritsi, anapatsidwanso malangizo. Mapiritsiwo ankamwa akakumbukira. Malangizowo anawasiya pa geti la chipatala. Funso loyenera kufunsa ndi ili: munthu wanzeru zake amapitirizanji kudya chimene akudziwa kuti chikumupha?

Janeti anakula wamasiye. Mayi ake anamwalira m'chaka cha njala yaikulu ija, pamene anthu ankakumba zitsa za nthochi n'kumasinja. Anatengedwa ndi azakhali ake, amene ankatsekera shuga m'sutikesi. M'mawa uliwonse ana a m'nyumbamo ankathiriridwa shuga, ndipo iye ankalandira madzi ofiira opanda kanthu. Ali kamtsikana analumbira mumtima kuti akadzakula, palibe munthu adzamuwerengere masipuni.

Lumbirolo analisunga. Anayamba kukazinga mandasi ndi zitumbuwa pa Nkando, pamene maminibasi amaima, ndipo malonda anamuyanja. Mandasi osweka sankataya, pakuti kwa munthu amene anaionapo njala, kutaya chakudya ndi tchimo. Onse ankathera m'mimba mwake, akumatsitsira chakumwa chozizira cha m'botolo. Thupi linabwera. Anthu ankati akamuona, "Koma a Pilato amadziwa kusunga mkazi!" Ndipo mwamuna wakeyo, amene ankapalasa kabaza, ankayenda modzitukumula.

Nthawi ina anayesapo kumvera a chipatala, ndipo thupi linayamba kutsika. Amayi a pamsika anayamba kukodolana. "Mwamuona amake Sophie? Khosi lija latalika. Kaya a Pilato anabweretsa chiyani pa kabazapo." Janeti anawamva. Anaopa malirime a anthu koposa matenda, ndipo anabwerera ku mandasi ake mpaka chitenje chinathinanso.

Kenaka tsiku lina mafuta owira anadonthera pa chala chake, iye osamva kanthu. Anazindikira madzulo posamba. Phazi linali litafa dzanzi kalekale iye osadziwa. Balalo linakana kupola, linayamba kununkha, ndipo mapeto ake anali bedi lija, pafupi ndi a Agatha.

Atatuluka m'chipatala, nkhondo inayambira pa kapu ya m'mawa. Anaphika tiyi, anakhala pakhonde, ndipo anamwa wopanda shuga. Atangomeza anagwetsa misozi. Sikunali kuwawa kwa tiyi kumene kunamuliza. Pakamwa pake panabwerera nyumba ya azakhali ija, sutikesi yokhoma, ndi ana akunyambita masipuni.

"Amake Sophie, awa si madzi osamba m'manja awa?" anatero a Pilato atalawa kapuyo, akufuna kumuseketsa. Ataona nkhope yake analeka. M'mawa mwake paketi ya shuga sinaonekenso m'nyumbamo, ndipo bamboyo ankamwa madzi osamba m'manja omwewo, akukwinya nkhope ngati mwana womwetsedwa kwinini.

Chiwaya anachipereka kwa mnzake, popeza ankadzidziwa kuti sangakhale tsiku lonse pa fungo la mandasi osalawako. Anayamba kugulitsa nandolo, mapeyala, mtedza ndi masamba. Phindu linachepa. Mgaiwa analowetsa m'nyumba m'malo mwa ufa woyera, ndipo chipande chake chinakhala chaching'ono pakati pa ndiwo zamasamba zambiri. Mapiritsi ankamwa pa nthawi yake. Tsiku lililonse ankayang'ana pansi pa mapazi ake ndi kagalasi, monga anamuphunzitsira anamwino, mtima ukugunda kuopa kupeza kadontho kakuda.

Sindikubisirani kuti anagwapo. Pa maliro ena anamupatsa botolo la chakumwa, ndipo anachita manyazi kukana. Botolo limodzilo linaitana lina mawa lake, ndipo lachiwirilo linaitana banzi. Sabata isanathe, shuga anakwera, maso anachita chidima, ndipo chipsera cha chala chija chinayamba kuchucha madzi. Pa basi yopita ku Boma ankangoona bulangeti la a Agatha. Balalo linapolanso mwa chisomo, koma Janeti anaphunzira kuti kugwa kwake konse kumayambira pa kapu imodzi yolandira chifukwa cha ulemu.

Thupi linatsikanso, ndipo malirime anadzukanso. Koma ulendo uno anatenga njira yoopsa kwambiri. Apongozi ake, mayi Estele a ku Thuchila, anali kale ndi dzina loipa m'mudzi mwawo. Amuna awo anamwalira ndi bala la pa phazi limene linakana mankhwala onse, ndipo anthu ankanong'onezana kuti mayiwo ndiwo anawatchera. Tsopano anayamba kunena kuti, "Anamaliza mwamuna, wayamba kudya mpongozi. Taonani, wayambiranso ku phazi komweko."

Mawuwo anafika kwa mayi Estele. Kuyambira pamenepo analeka kubwera ku Nkando.

Chilimwe chitafika, banja linakonza zotsegulira chiliza cha malemu bambo awo a Pilato. Abale anasonkhana ku Thuchila, ena kuchokera ku Blantyre, ena kutsidya kwa malire. Atabwerako ku manda anakhala pansi pa mitengo ya mango, amuna mbali yawo, amayi mbali yawo. Thobwa linali litaphikidwa m'migolo, ndipo shuga anathiramo mosaumira, kuti pasapezeke wonena kuti pakhomopo ndi pa umphawi.

Pamenepo mayi Estele anachita chinthu chimene aliyense anachimvetsa. Sanatume mwana. Anatunga thobwa okha m'chikho chawo chomwera, anadutsa pakati pa anthu, anamwako pang'ono onse akuona, ndipo anachipereka kwa Janeti ndi manja awiri.

"Imwani, amake Sophie. Mwayenda ulendo."

Kwathu kuno aliyense amadziwa tanthauzo la kukana chakudya chochokera m'manja mwa munthu wamkulu, makamaka iye atalawako. Kukana ndiko kunena pamaso pa gulu kuti, "Ndimakuopani, muli nazo." Akanakankha chikhocho, ndiye kuti wawasindikiza apongozi ake dzina la ufiti mpaka kumanda, ndipo banja lake ndi a Pilato likanagwedezeka. Akanamwa, ankadziwa bwino lomwe kumene kapu yaulemu imamufikitsa.

Fungo la thobwalo linamukwera m'mphuno. Malovu anadzaza m'kamwa. Chapatali anaona a Pilato ataweramitsa mutu, akukanda pansi ndi kamtengo. Mlamu wake wina wamkazi anayankhula mokweza dala, "Nanga akuyembekeza chiyani? Kapena akufuna tiwaitanire dokotala adzalawe?"

Janeti analandira chikhocho ndi manja awiri, monga mwambo ufunira. Anagwada. Anachiika pansi mosamala kuti chisatayike. Kenaka anachita chimene sanachitepo pagulu chitulukire m'chipatala. Anavula nsapato ya kumanzere ndi sokosi yake, ndipo anatulutsa phazilo poyera.

Amayi ena anatembenuza nkhope. Wina anati, "Mayo!"

"Amayi," anatero Janeti, "chala ichi sanandidye munthu. Ndinachidya ndekha, ndi mano angawa. Ndili ndi matenda a shuga. Ndinabisa chifukwa cha manyazi, ndipo manyazi angawo akuipitsirani dzina inu. Thobwa ili ndikudziwa kuti ndi labwino. Koma ndikamwa lero ndidzamwanso mawa, ndipo a chipatala anandiuza kuti adzadula pa bondo. Ndipatseni china chilichonse chopanda shuga chochokera m'manja mwanu, ndidya pompano anthu onsewa akuona."

Mayi Estele anayandikira. Anawerama, anagwira phazilo ndi dzanja lawo, ndipo analiyang'ana nthawi yaitali.

"Munkamva kuwawa pamene balali linkayamba?" anafunsa.

"Ayi, amayi. Phazi linali ngati la mwini wake."

"Ludzu?"

"Losatha."

Mayiwo anakhala pansi pa dothi pomwepo. "Malemu analinso chonchi," anatero motsitsa, koma onse anamva. "Anaponda msomali osamva. Madzi ankamwa ngati ng'ombe. Ine pofuna kuwapatsa mphamvu ndinkawaphikira phala la shuga wambiri, m'mawa ndi madzulo. Tinazungulira kwa asing'anga, kuchipatala tinapita mochedwa. Zaka zonsezi anthu akunditchula dzina lija, ndipo ine ndinalibe choyankha."

Mlamu wolongolola uja anayang'ana kumbali.

Kenaka mayi Estele anadzuka, analowa m'khitchini, ndipo anatuluka ndi mbale ya nandolo ndi nkhwani. Anaipereka ndi manja awiri. Janeti anadya ali chogwada, misozi ikugwera m'mbalemo, mpaka anaimaliza.

"Chikho icho chotsapo," mayiwo anauza a Pilato. "Ndipo iwe, Lolemba undinyamule pa njinga yakoyo, akandiyeze nanenso. Usandiyang'ane choncho. Ndiwe wobadwa kwa bambo ako, ukayezedwanso."

Lero mukatsika minibasi pa Nkando mudzamupeza Janeti kuseri kwa milu ya mapeyala ndi nandolo. Ndi wochepa thupi, ndipo omunena aja anatopa. Matendawo sanachoke, ndipo sadzachoka. M'mawa uliwonse amatengabe kagalasi kake ndi mtima wogunda. A Agatha anamwalira chaka chathachi atadulidwanso mwendo wotsalawo, ndipo Janeti anapita ku maliro awo akuyenda ndi miyendo yake iwiri. Atapatsidwa botolo, anathokoza ndipo anapempha madzi.

Tsopano ndikutembenukira kwa inu. Ambiri amene akudwala matendawa sakuphedwa ndi umbuli. Wina akubwezera njala ya ubwana wake. Wina akuopa kuti akatsika thupi anthu amunena. Wina sangathe kunena kuti ayi kwa apongozi, kwa abusa, kapena kwa mnzake amene wamugulira chakumwa. Zifukwa zimenezi ndi zolemera, ndipo sindikuzinyoza. Koma mpeni wa kuchipatala sufunsa zifukwa. Makolo anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo anthu amene mukuwaopawo sadzakubwerekani mwendo.

Ngati simunayezetse, pitani mukayezetse. Ngati munauzidwa kale, imwani mankhwala anu ndipo mverani malangizo. Uzani a pabanja panu poyera chimene mukudwala, kuti asakupheni ndi chikondi chawo. Mukagwa, monga anagwera Janeti pa maliro paja, dzukani tsiku lomwelo, musadikire kuti bala lichuche.

Mawa m'mawa kapu idzakhala patsogolo panu, ndipo supuni idzakhala m'dzanja lanu. Janeti anaiika pansi atataya kale chala. Inu ikani pansi zala zanu zikadali zonse. Osataya mtima, ndipo osachita manyazi ndi moyo wanu.